Kodi mayunivesite atipindulira chiyani kuno ku Mzuzu?

Mayi wina wa ku Chibavi wandilembera imelo. Akuti mwana wawo anatenga digiri zaka ziwiri zapitazo koma akungokhala pakhomo, ndiye akufunsa kuti: "Kodi mayunivesite tili nawowa akuthandiza chiyani pa chuma cha kumpoto kuno, poti ntchito sizikuoneka?"

Amayi, funso lanu landifika pamtima. Inenso ndili ndi mphwanga amene envulopu ya khaki yamuperepesekera m'manja poyenda nayo m'maofesi.

Phindu lilipo ndithu, ndipo lina limaoneka ndi maso. Yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1997, ophunzira oyamba n'kulowa mu 1999, pamalo pomwe panali koleji ya aphunzitsi ku Luwinga. Dzayendeni ku Luwinga sukulu ili mkati. Malo ogona pasukulupo ndi ochepa, choncho ophunzira ambiri amachita lendi m'makomo mwa anthu, ndipo eni nyumba ena amangirapo tizipinda kuseri kwa nyumba zawo. M'mamawa akabaza amakhala ali pamzere, wachiwaya wasonkha kale moto, wafotokope makina ake akutentha. Ndalama zimenezi zimachokera kwa makolo a ku Zomba, ku Dedza, ku Karonga, n'kudzathera m'matumba mwa anthu a kuno. Sukulu ikatsekera, funsani mayi wogulitsa tomato akuuzeni mmene malonda amazizirira. Ku Ekwendeni nakonso n'chimodzimodzi ndi ophunzira a University of Livingstonia, ija ya Sinodi ya Livingstonia yomwe inatsegulidwa mu 2003.

Koma sindikunamizani, izi si zimene munalipirira fizi. Ntchito zoterezi zimadalira m'thumba mwa wophunzira, osati zimene zili m'mutu mwake.

Chimene chimandiwawa ine ndi ichi. Mzuni imaphunzitsa za nkhalango, za nsomba, zokopa alendo komanso za magetsi a dzuwa ndi mphepo, zinthu zomwe kumpoto kuno tili nazo pakhomo penipeni. Nkhalango ya Chikangawa ili pafupi pompa, koma imani pamsewu wa M1 muone mathiraki atasenza matabwa osapala akutuluka, pomwe mipando ndi zitseko zikanakhomedwa konkuno. Usipa wa ku Nkhata Bay nthawi ya mvula umaonongeka pathandala posowa poumitsira pabwino, chonsecho amene anaphunzira zoumitsa ndi dzuwa ali ku Lilongwe kusaka ntchito ya ukalaliki. Alimi a khofi a ku Misuku ndi ku Phoka atisonyeza kale kuti n'zotheka: anagwirizana m'makopaletivi, ndipo lero khofi wa Mzuzu amagulidwa mpaka kunja. Pamenepo mpomwe ntchito zimabadwira, wophunzira akakumana ndi mlimi, msodzi kapena kalipentala, mpamba n'kupezeka. Yunivesite payokha singalembe onse amene imawaphunzitsa, koma ingathe kumawatumiza ku Chikangawa ndi kunyanja akadali pasukulu, m'malo mowasiya angolemba kafukufuku wokafumbwa pashelefu. Ndipo mabanki ndi boma ali ndi mbali yawo, chifukwa mwana wongomaliza kumene alibe chikole choti angatengere ngongole.

Mwana wanuyo musamuone ngati walephera, amayi. Mundilemberenso mundiuze zomwe anaphunzira komanso chomwe manja ake amatha, tione ngati pali kopaletivi kapena malo ogona alendo kunyanja komwe angayambire, ngakhale mongodzipereka kwa miyezi ingapo.