Makina amodzi ocheka, opala ndi oboola: kodi ndigule?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Lilongwe amene atsala pang'ono kupuma pa ntchito. Akuti ali ndi galaja ya mamita 3 mulifupi ndi 6 mulitali, ndipo akufuna kuisandutsa shedi yoti azikhomeramo mashelefu, matebulo ndi zitseko za pakhomo pawo, mwinanso kumagulitsako pang'ono. Pa YouTube aona makina amodzi ochita ntchito zisanu, ndipo mng'ono wawo ali ku Johannesburg wati atha kuwatumizira. Funso lawo ndi loti: agule amenewa, kapena azigula makina amodziamodzi?

Bambo, zikomo polemba. Ndiyambe ndi kukuuzani kuti dzina loti "makina ochita zambiri" limaphimba zinthu zitatu zosiyana kwambiri, ndipo ogulitsa sakonda kuzisiyanitsa.

Oyamba ndi a ku America, a Shopsmith, amene ndikuganiza kuti ndi omwe mwawaona pa YouTube. Anawayambitsa Hans Goldschmidt mu 1947, ndipo mtundu wake wotchuka, Mark V, unabwera m'zaka za m'ma 1950. Maziko ake ndi makina ozunguza mtengo, aja osemera miyendo ya tebulo, kenako amasanduka sowo, choboolera choimirira, choboolera chogona ndi chosalazira ndi sandipepa. Taonani bwino, pa ntchito zisanuzo kupala thabwa palibe, chopalira mumagula padera. Kwa ife kuno limeneli ndi vuto lalikulu, chifukwa matabwa athu sitigula opalapala. Komanso ambiri mwa makinawa anapangidwira magetsi a 120V ndi 60Hz, pamene athu ndi 230V ndi 50Hz. Thiransifoma imakonza mphamvu ya magetsi koma siikonza 50Hz ija, ndiye mota imayenda pang'onopang'ono n'kumatentha. Amenewa asiyeni.

Achiwiri ndi a ku Ulaya: Robland ya ku Belgium, Felder ndi Hammer za ku Austria, Minimax ya kampani ya SCM ya ku Italy. Awa ndi makina enieni, a chitsulo cholemera makilogalamu mazana angapo. Robland X31 mwachitsanzo imapala thabwa la mamilimita 310 mulifupi, ndipo ili ndi mamota atatu, iliyonse ndi ntchito yake. Ku Joni akale amapezeka. Koma ambiri ndi a three-phase, magetsi aja a mawaya atatu amoto, ndipo nyumba zathu zambiri zili pa single phase, a waya mmodzi wamoto. Musanatumize ndalama, auzeni achimwene anuwo ajambule kachitsulo kolembedwa kali pa mota, akutumizireni pa WhatsApp. Mukaona 380V kapena 400V, dziwani kuti pakhomo panu sadzalira pokhapokha mutalowetsanso ndalama zina. Onjezeraninso mtengo wa thiraki ndi msonkho wa pa Mwanza kapena pa Dedza, ndi anyamata oti adzakuthandizeni kutsitsa.

Achitatu ndi amene tawazolowera m'mashedi a m'tauni, ochokera ku China, a mota imodzi ndi lamba. Sowo ili mbali iyi, mipeni yopalira ili pakati, choboolera chili mbali inayo. Ndiwo otsika mtengo, ndipo ndiwo ndikufuna tikambirane modekha, chifukwa ndinakhala nawo zaka zingapo.

Pa ambiri a mtundu umenewu, sowo ndi mipeni yopalira zili pa shafuti imodzi, chitsulo chozungulira chija chimene mota imayendetsa. Mukayatsa kuti mucheke, mipeni ija nayonso ikuzungulira pafupi ndi chigongono chanu. Imabwera ndi chotchingira, inde, koma pitani mukaone m'mashedi kuti ndi angati amene chotchingiracho chikadalipo. Chimachotsedwa sabata yoyamba chifukwa "chikuchedwetsa". Akalipentala akale ambiri mukawapatsa moni wa pamanja mumamva nokha kuti chala china ndi chachifupi. Inuyo mukuyamba kumene, ndipo muzidzagwira ntchito nokha m'galaja, mayi ali kumsika, popanda wina wokuthamangitsirani kuchipatala.

Koma chimene chinanditopetsa ine sichinali mantha, chinali kusinthasintha. Tsiku lina ndinkakhoma chitseko cha mlombwa. Ndinatchera chotsamira cha sowo, chija thabwa limatsamira pochekedwa, pa mamilimita 95, n'kucheka mizati iwiri ndi mipingasa itatu, zonse zofanana bwinobwino. Kenako ndinamasula chotsamiracho kuti ndipale, ndikupala, n'kupita ku choboolera. Ndili pa bowo lachinayi, mpingasa umodzi unang'ambika pa mfundo. Kuti ndicheke wina ndinayenera kubwezeretsa zonse ku sowo, kutcheranso 95 uja ndi tepi, ndipo sanabwerere ndendende. Mpingasa watsopano unasiyana ndi anzake ndi milimita imodzi yokha, koma pa chitseko milimita imodzi imaonekera patali ngati dzino loguluka. Ndinathera masana onse ndi pulena ya pamanja kufufuta kulakwa kwa makina. Mukakhala ndi sowo payokha ndi chopalira pachokha, chilichonse chimakhala mmene munachisiyira, mumangoyenda mapazi atatu n'kucheka.

Amene amawakonda makinawa ndi anthu a dongosolo: amalemba miyezo yonse papepala, amacheka zidutswa zonse kamodzi ndi zapadera ziwiri, kenako kupala zonse, kenako kuboola zonse. Ngati ndinu wotero, mudzagwirizana nawo. Koma munthu wophunzira amalakwitsa, amabwerera m'mbuyo, amasintha maganizo pakati pa ntchito. Ndi mmene timaphunzirira tonse.

Nkhani ya malo nayo imapusitsa. Ogulitsa amati makina amodzi amasunga malo, ndipo pansi pomwe aima ndi zoona. Koma mumawagwiritsa ntchito kuchokera mbali zonse, ndiye ayenera kukhala pakati pa galaja, osati pakhoma. Thabwa la mamita 2.4 limafuna malo otalika chomwecho kutsogolo kwa mpeni ndi enanso kumbuyo kwake, ndiye pafupifupi mamita 5 apita. Galaja yanu ya mamita 6 ikwanira ngati mwatsegula chitseko, koma galimoto iiwale zogonamo. Makina ang'onoang'ono awiri oikidwa pa matayala mumawakankhira kukhoma mukaweruka.

Pa magetsi, soketi yathu wamba ndi ya 13A, kutanthauza pafupifupi 3kW. Mota ya 2.2kW imakwana ikamayenda, koma poyamba kuzungulira imakoka magetsi ochuluka kangapo, ndipo apa ndi pamene fyuzi imapsa kapena jenereta yaing'ono imatsamwa n'kuzima. Itanani wa zamagetsi akukokereni waya wakewake kuchokera pa bokosi. Madzulo, magetsi akamaoneka ofooka, mababu ali ngati nyali ya parafini, musayatse. Mota imapsa nthawi ngati imeneyo, ndipo ngati ili imodzi yokha, sowo, chopalira ndi choboolera zonse zagona tsiku limodzi mpaka wokulunga mawaya akumasuleni.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndikanatani? Miyezi yoyamba sindikanagula chopalira n'komwe. Paini wa ku Chikangawa, malaina kapena bulugamu mukagula, pafupi pomwepo pamakhala a makina opala, mumalipira pa thabwa, n'kubwera nawo kunyumba osalala. Ndalama yoyamba ipite ku sowo ya patebulo yabwino, yokhala ndi chotsamira cholimba chosagwedera mukachikankha ndi dzanja, komanso kachitsulo kopyapyala kaja kamaima kumbuyo kwa mpeni wa sowo. Kameneko ndi kamene kamaletsa thabwa kutsina mpeniwo n'kukubwererani pamimba, makamaka bulugamu amene amapindika pomwe mukumucheka. Onjezerani dirilo, matchizulo anayi, pulena ya pamanja, sikweya yoona ndi makalampu ambiri kuposa amene mukuganiza kuti mukufuna.

Mukadzaona kuti ulendo wa kokapalitsa wayamba kukudyerani nthawi ndi mafuta, pamenepo gulani makina ophatikiza amodzi okha amene ine ndimawavomereza ndi mtima wonse: opala pamwamba ndi pansi. Pamwamba mumawongola nkhope imodzi ya thabwa, pansi mumalilowetsa kuti lituluke ndi makulidwe ofanana. Ntchito ziwirizi zimagwiritsa mipeni imodzimodziyo ndipo zimatsatana, choncho kuziphatikiza kuli ndi nzeru. A mamilimita 250 kapena 260 mulifupi akukwanirani pa zitseko ndi matebulo.

Ngati mtima wakana ndithu ndipo mukufunabe a zonse pamodzi, musagule osawaona akulira. Tengani rula yachitsulo yaitali, muigoneke pa matebulo opalira muone ngati pansi pake pakudutsa kuwala. Gwedezani shafuti makina ali ozimitsa, mumve ngati mabering'i akugogoda. Funsani komwe mungapeze mipeni ndi malamba a saizi imeneyo, ndi amene amanola. Ndipo pitani ndi thabwa lanulanu la mlombwa kapena mbawa, louma, losapala. Wogulitsa adzafuna kukuonetsani ndi kachidutswa ka paini kofewa. Mupatseni lanulo, muimirire pambali, mumvetsere mmene mota ikulirira likafika pakati.