Funsani Tikuyankheni: Kukonzekera Ngozi Isanagwe ndi Zochita Itagwa

FUNSO: Pabanja pathu tilipo anthu 5: ine, amuna anga, ana 2 ndi apongozi anga omwe amamwa mankhwala a BP. Ndimada nkhawa ndikamva za madzi osefukira ndi mphepo yamkuntho. Kodi tisunge chiyani kuti tsoka lisatipeze tili manja lende? Mayi wa ana awiri

YANKHO: Mayi, yambani ndi madzi. Munthu amapirira njala masiku angapo, koma ludzu ndi madzi akuda zimapha msanga. Werengerani malita 4 pa munthu patsiku, kwa masiku 3. Pabanja panu ndiye kuti malita 60, zigubu 3 za malita 20. Musagwiritse ntchito chigubu chomwe munali petulo kapena mankhwala a mbewu, ngakhale mutachitsuka bwanji. Lembanipo tsiku lomwe mwathira madziwo, ndipo muziwasintha pakatha miyezi 6.

Madzi osungawo akatha, wiritsani amene mwapeza mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Ngati palibe moto, thirani madontho 2 a bulichi wamba wopanda mafungo onunkhiritsa pa lita imodzi, mutakase, mudikire mphindi 30. Madzi amatope muyambe mwawasefa pansalu yoyera, chifukwa litsiro limamaliza mphamvu ya mankhwalawo tizilombo tisanafe. Sunganinso mapaketi a ORS, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi munthu akatsegula m'mimba. Akasowa, sungunulani masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Masupuniwo akhale osasefukira. Mchere ukachuluka umavulaza mwana.

Za apongozi anu ndiye musazichedwetse. Sungani mankhwala awo a masiku 7, pamodzi ndi pepala lolembapo dzina la mankhwala ndi kamwedwe kake. Anthu ambiri amakumbukira chakudya n'kuiwala izi, pomwe kusiya mankhwala a BP mwadzidzidzi n'koopsa.

Zotsalazo zilowe m'chikwama chimodzi choberekera kumsana: zakudya zosalira kuphika, chotsegulira zitini, tochi, wailesi ya mabatire, mabatire apadera, chotchajira foni, wenzulo, sopo, bulangete, mabandeji, magolovesi, lumo ndi parasetamo. Mabatire musawasiye mutochi, amadontha n'kuiwononga. Ziphaso, makadi a kuchipatala ndi ndalama zochepa zikhale m'pulasitiki yosalowa madzi. Chikwamacho chikhale pamwamba, pafupi ndi khomo, ndipo ana adziwe pomwe chili.

Magetsi akazima musayatse makala kapena jenereta m'nyumba yotseka. Mpweya wa carbon monoxide womwe zimenezi zimatulutsa sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Musawoloke madzi othamanga: akuya masentimita 15 okha amagwetsa munthu wamkulu, ndipo a masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono.

FUNSO: Ndine dalaivala. Ndikafika pa ngozi ya galimoto, kapena ikandigwera ineyo, choyamba n'chiyani? Bambo woyenda maulendo ataliatali

YANKHO: Bambo, choyamba n'kuteteza malowo kuti pasachitike ngozi yachiwiri. Zimitsani injini, kokani handibuleki, yatsani mahazadi, ikani chikwangwani chonyezimira cha makona atatu pamtunda wa mamita pafupifupi 50, ndipo pakona kapena pachitunda chiikeni patali kuposa apo. Pasapezeke wosuta fodya. Kenako imbirani ambulansi ndi apolisi, munene malo enieni ndi chiwerengero cha ovulala.

Thamangirani amene ali chete, chifukwa wolira ndiye kuti akupuma. Wovulala musamukoke m'galimoto pokhapokha pali moto kapena madzi akulowa. Fupa la khosi likathyoka, kumupinda pang'ono kokha kungamupumitse ziwalo moyo wake wonse. Gwirani mutu wake ndi manja onse kuti usagwedezeke. Wa njinga yamoto musamuvule helimeti ngati akupuma bwino.

Pomwe pakutuluka magazi dinikizani mwamphamvu ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira. Nsaluyo ikanyowa, sanjikanipo ina. Mukaichotsa mumachotsanso magazi omwe anayamba kuundana. Galasi kapena chitsulo cholowa m'thupi chisiyeni, dinikizani m'mbali mwake. Ngati munthu wamkulu sakupuma, mugonekeni chagada pamalo olimba, mukankhe pakati pa chifuwa kulowa masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, mpaka thandizo lifike. Wovulala aliyense musampatse madzi kapena chakudya, ngakhale akudandaula ludzu. Angatsamwe, komanso mwina akufunika opaleshoni.

FUNSO: Mlongo wanga anachita ngozi masabata 3 apitawo. Anatuluka akuyenda yekha ndipo anakana kupita kuchipatala. Pano khosi likumupweteka, sagona, ndipo amakana kukwera galimoto. Kodi zimenezi zidzatha? Mlongo wodandaula

YANKHO: Achimwene, mupite nawo kuchipatala sabata ino. Pa nthawi ya ngozi thupi limatulutsa adrenaline, yomwe imabisa ululu, n'chifukwa chake munthu amati ali bwino kenako n'kudzuka m'mawa khosi litauma. Mutu ukakankhidwa kutsogolo ndi kumbuyo mwadzidzidzi, minofu ya m'khosi imakokeka. Nthawi zambiri zimapola pa masabata angapo, ndipo kuyendetsa khosi pang'onopang'ono kumathandiza kuposa kungogona. Komabe dokotala ayambe waona, makamaka ngati manja akuchita dzanzi kapena kufooka.

Owerenga onse adziwe zizindikiro zofuna chipatala nthawi yomweyo munthu akachita ngozi: mutu wopweteka mowonjezereka, kusanza mobwereza, kusinza kwambiri, kusokonezeka maganizo, kukomoka, madzi oyera otuluka m'mphuno kapena m'khutu, kubanika, ndi kupweteka m'mimba pomwe panadutsa lamba wa pampando wa galimoto. Kapamba kapena matumbo amatha kung'ambika kunja kusakuoneka bala. Amene wamenyetsa mutu amwe parasetamo, apewe asipirini ndi ibuprofen tsiku loyamba chifukwa zimawonjezera kutaya magazi. Mayi woyembekezera ndi aliyense womwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi apimidwe ngakhale ngozi ikhale yaing'ono.

Kusagona, maloto oopsa, kudzidzimuka ndi kuopa galimoto zimachitikira anthu ambiri m'masabata oyamba, ndipo si kufooka mtima. Musawauze kuti angoiwala, musawakakamizenso kufotokoza. Akafuna kulankhula, khalani pansi muwamvere. Azidya ndi kugona pa nthawi yake, apewe mowa, chifukwa umasokoneza tulo ndi kukulitsa mantha.

Kupewa galimoto kotheratu kumazika mantha mizu. Ayambe ndi kukhala m'galimoto yoima kwa mphindi zochepa, kenako ulendo waufupi masana ndi dalaivala yemwe amamukhulupirira, n'kumawonjezera mtunda pamene mtima ukukhazikika. Mwezi ukatha zinthu zisakusintha, kapena akulephera kugwira ntchito, akaonane ndi katswiri wa matenda a maganizo, poti akhoza kukhala ndi PTSD, matenda ochizika a mantha osatha omwe amadza munthu akakumana ndi zoopsa. Akangotchula zodzipha, musawasiye okha, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.