Za mtengo wa kosi ya CNA kuno ku Indiana: musalipire musanafunse ku nursing home

Achemwali, takulandirani ku South Bend. Mwafunsa kuti kosi ya CNA (Certified Nurse Aide, wothandizira anamwino kusamalira okalamba ndi odwala) ndi ndalama zingati, imatenga nthawi yaitali bwanji, komanso ngati zaka zomwe munagwira ntchito ya HSA kumudzi angaziwerengere. Ine ndilankhula za ndalama ndi za sukulu, chifukwa ndaona mayankho ena m'mwambamu akuti mukonzekere $3,000, ena akuti mulembetse pa intaneti usiku womwe uno. Onsewo akusokeretsani.

Choyamba ndi ichi: mwina simufunika kulipira kalikonse. Kuno ku America kuli lamulo la boma lalikulu la mu 1987, amalitcha OBRA, ndipo ndi lomwe linabweretsa zoti wosamalira okalamba mu nursing home aziphunzitsidwa ndi kulemba mayeso. Lamulo lomwelo limanena kuti nursing home yomwe imalandira ndalama za Medicare kapena Medicaid (inshuwalansi za boma za zaumoyo) ikakulembani ntchito, kapena ikakulonjezani ntchito musanayambe maphunziro, musalipiritsidwe fizi, mabuku ngakhale mayeso. Limawalolanso kukugwiritsani ntchito mpaka miyezi 4 muli mkati mophunzira. Ndiye malo ambiri kuno ku South Bend, ku Mishawaka ndi ku Elkhart amachititsa makalasi awoawo, ena amakulipirani pa ola muli m'kalasi, poti antchito ndi osowa. Tengani tsiku limodzi, valani bwino, lowani pa reception ya malo atatu kapena anayi, funsani ngati ali ndi kalasi ya CNA yomwe ikubwera. Kuimba foni sikuthandiza kwenikweni, amakuikani pa voicemail. Akakuonani maso ndi maso zimayenda msanga.

Mukasankha kudzilipirira nokha ku sukulu, mitengo yomwe ndakhala ndikumva kwa anthu athu imayambira cha m'ma $700 kufika cha m'ma $1,400, kutengera sukulu ndi zomwe aphatikizamo. Mayeso a boma kuno amayendetsa ndi a Ivy Tech Community College, ndipo ndi ndalama yapadera, ikani pambali pafupifupi $100. Musungenso malisiti onse, ngakhale la buku. Lamulo lija limati mukadzilipirira nokha kenako n'kulembedwa ntchito mu nursing home pasanathe miyezi 12 chimalizireni kosi, ndalama zanu ziyenera kubwezedwa pang'onopang'ono mukugwira ntchito. Anthu ambiri sadziwa zimenezi, ndipo kawirikawiri palibe amakuuzani pokhapokha mutafunsa nokha ku HR.

Tsopano chomwe chandilembetsa zonsezi. Mdzukulu wa amayi ena omwe timapemphera nawo atangofika kumene anaona chilengezo pa Facebook, kosi ya CNA ya pa intaneti, milungu iwiri basi, satifiketi akutumizirani pa imelo. Analipira cha m'ma $600, ndalama yomwe anabwereka kwa abale. Anaonera mavidiyo, anayankha mafunso, satifiketi inabweradi, yokongola, ya chidindo chagolide. Ndine ndinamutengera pa galimoto kukafunsa ntchito. Namwino wamkulu anangoyang'ana pepala lija, anatsegula kompyuta, n'kumuuza kuti dzina lake palibe pa registry, kaundula wa boma wa ma CNA, ndipo sukuluyo sili pa mndandanda wa zovomerezeka ndi boma la Indiana, ndiye sangalembe naye ngakhale mayeso. Mtsikanayo analira njira yonse yobwerera. Atayesa kuimbira eni sukulu, anamuuza kuti iwo anamugulitsa maphunziro okonzekera chabe, ndipo zinalembedwadi m'timalemba ting'onoting'ono pansi pa tsamba. Ndalama sinabwerenso. Anayambiranso pachiyambi, pa nursing home ina, mwaulere, zomwe akanachita poyamba pomwe wina akanamuuza.

Ndiye chonde, musanatulutse ngakhale $1, lowani pa tsamba la Indiana Department of Health, pezani mndandanda wa malo ovomerezeka kuphunzitsa CNA, muone ngati dzina la sukuluyo lilipo ndendende. Chomwe olemba ntchito amayang'ana ndi dzina lanu pa Nurse Aide Registry, satifiketi ya sukulu payokha siikulowetsani pa shift. Ndipo kosi ya CNA yeniyeni singathere pa foni. Boma lalikulu limafuna maola osachepera 75, koma Indiana imafuna 105: maola 30 m'kalasi, 75 mu nursing home yeniyeni, mukusambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza anthu enieni, namwino akukuyang'anirani. Gawo la m'kalasi ena amalola kuchitira pa intaneti, koma maola 75 ajawa palibe chidule. Ku Michigan, kungodutsa malire kupita ku Niles, ndi maola 75 onse pamodzi, n'chifukwa chake ena amathamangira kumeneko. Koma ngati ntchito mukaifunira kuno, phunzirirani kuno, mupewe mapepala osamutsa dzina kuchoka ku registry ina kupita ku ina. Nthawi yake ndi milungu itatu kapena inayi mukamapita tsiku lililonse, miyezi iwiri kapena kupitirira mukamaphunzira madzulo kapena kumapeto a sabata.

Fizi si ndalama yokhayo. Pali tina ndi tina tomwe sukulu zambiri sizitchula mpaka mutalipira kale. Ma scrubs (yunifolomu ya kuchipatala) awiri ndi nsapato zotseka zosaterereka, cha m'ma $80 mpaka $100 mukagula ku Walmart, ndipo ma scrubs amapezekanso ku Goodwill, koma mufunse kaye mtundu womwe akufuna. Kupimidwa m'thupi ndi dokotala, background check, mwinanso kalasi ya CPR (kuthandiza munthu yemwe mtima waima), zonsezi pamodzi zimatha kudya $150 kapena $200 ngati mulibe inshuwalansi.

Pa kupimidwaku pali nkhani yomwe imatigwira ife Amalawi makamaka. Asanakuloleni kukhudza okalamba amayeza TB, ndipo njira yotchipa ndi ija yobaya pakhungu pa mkono, kawiri. Ambirife tinabayidwa BCG tili makanda, chipsera chilipo pa mkono, ndipo katemera ameneyu amatha kupangitsa khungu kutupa ngati muli ndi TB pomwe mulibe. Zikatero amakutumizani ku X-ray ya pachifuwa, ndalama ina, sabata ina yatayika, mwinanso kalasi yayamba popanda inu. Muwauze poyamba pomwe kuti munalandira BCG, mufunse ngati angalole kuyeza magazi, amati QuantiFERON. Ndi yokwererapo mtengo koma BCG siyisokoneza. Yambani ku health department ya St. Joseph County musanapite ku chipatala chachikulu, kumeneko zinthu zotere zimakhala zotsikirako. Ndipo ngati magazi aonetsadi kanthu, musabise ndipo musachite manyazi, mankhwala alipo ndipo ntchito mudzagwirabe.

Za kalasi yaulere ija ndichenjezenso. Werengani chilichonse chomwe akukusainitsani. Ena amaika ndime yoti mukachoka chaka chisanathe mubweze ndalama ya maphunziro kapena bonasi yomwe anakupatsani polowa. Bonasi angaitenge, koma fizi ya CNA ku nursing home ya Medicaid lamulo silikuwalola kukulipiritsani. Malo ena monga assisted living kapena makampani otumiza anthu m'makomo sali pansi pa lamulo lomweli, ndiye mufunse kuti malowo ndi amtundu wanji. Mufunsenso ma CNA omwe akugwira pamalopo, pa car park, osati pamaso pa bwana: usiku munthu mmodzi amasamala ma resident angati? Mukamva 20 kapena kuposa, ganizirani kawiri. Ntchitoyi imatha msana. Zipangizo zonyamulira odwala zilipo, Hoyer lift ndi gait belt, koma pamalo posowa antchito mumapezeka mukunyamula nokha munthu wofunika anthu awiri. Malipiro a poyambira kuno ndi cha m'ma $16 mpaka $20 pa ola, usiku ndi weekend amawonjezerako pang'ono.

Munanena kuti muli ndi green card, ndiye inu zanu zili bwino, muonetsetse kuti Social Security number yafika musanalembetse mayeso. Pitaninso ku ofesi ya WorkOne mukafunse ngati mungalandire thandizo la fizi, amalipirira anthu makosi ngati amenewa ukakwaniritsa zofunika zawo. Koma kwa ena omwe akuwerenga mwakachetechete: ngati muli pa visa ya mlendo kapena ya sukulu yopanda chilolezo chogwira ntchito kunja, musamvere omwe akuti lipirani kaye zina mudzaona. Sukulu idzalandira ndalama yanu mosangalala, pa ntchito adzakufunsani mapepala tsiku loyamba. Ndipo zogwiritsa ntchito dzina la munthu wina, zomwe zimanong'onezedwa m'maphwando athu, musayerekeze. Ndi mlandu, ndipo resident akagwa pa shift yanu onse awiri mwalowa m'mavuto.

Mayeso ali pawiri, olemba ndi ochita ndi manja. Olemba sangakuvuteni inu woti munali HSA, Chingelezi chake n'chosavuta. Omwe amagwetsa anthu athu ndi a manja, ndipo chifukwa chake si kusadziwa kusamala wodwala. Ife tinazolowera kungogwira ntchitoyo mwachangu, chete, monga timachitira pa guardian shelter. Kuno woyesa akufuna akuoneni mukugogoda pachitseko, kutchula dzina lanu, kufotokoza chomwe mukufuna kuchita, kukoka katani, kumanga mabuleki a wheelchair, kutsitsa bedi mukamaliza, kusiya call light, batani loitanira thandizo, pomwe munthuyo angafikire. Kusamba m'manja kokha kuli ndi ndondomeko yake, masekondi 20, mpopi kutseka ndi pepala. Mukaiwala chimodzi chokhudza chitetezo mwalephera, ngakhale zina zonse munachita bwino. Amapatsa mwayi katatu, ulendo uliwonse mukulipiranso, mukalephera katatu mubwereze kosi yonse. Yeserani kunyumba mokweza mawu, wina agone pa bedi, mpaka pakamwa pazolowere.

Kumbali ya mayendedwe, ma clinical ambiri, maola a mu nursing home aja, amayamba 6 koloko m'mawa, ndipo mukachedwa kapena kujomba masiku angapo amakuchotsani popanda kubweza fizi. Ngati mulibe galimoto, onani nthawi ya mabasi a Transpo musanasankhe malo, makamaka ngati kalasi yanu ikugwera mu January kapena February pomwe chipale chochokera ku Lake Michigan chimatseka misewu. Malo oyandikira kunyumba aposa malo olipira $1 yowonjezera kutali.

Omwe akukuuzani kuti CNA ndi kutaya nthawi, pitani ku unamwino kamodzin'kamodzi, sakuuzani kuti lendi mulipira ndi chiyani zaka zonsezo. Yambani ndi CNA. Mukagwira maola 1,000 mutha kuchita kosi ya QMA, yogawa mankhwala, malipiro amakwerako ndipo msana umapumako. Kuchoka apo LPN, gawo loyamba la unamwino, ndi pafupifupi chaka chimodzi ku Ivy Tech, ndipo nursing home zina zimathandiza fizi kwa antchito awo. Musangolola dzina lanu kufa pa registry: mukakhala miyezi 24 osagwira ntchito ya CNA yolipidwa, mayeso mumayambiranso. Mukapeza sukulu kapena nursing home yomwe mwaikonda, nditumizireni dzina lake ku inbox tiyang'ane limodzi pa mndandanda uja musanasaine.