Metformin sakuwononga maselo a bambo anu

Achemwali a ku Luchenza, mwafunsa ngati metformin, mankhwala a matenda a shuga amene bambo akumwa, akuwononga mitochondria, tizigawo ta m'maselo timene timapanga mphamvu. Ayi, musade nkhawa. Mankhwalawa amangochepetsako ntchito ya gawo la mitochondria lotchedwa complex I, ngati kuchotsa chikuni chimodzi pamoto. Mphamvu ikatsika pang'ono chonchi m'chiwindi, chimachepetsa shuga amene chimapanga chokha, ndipo shuga wa m'magazi amatsika.

Ine nkhawa yanga ili pa impso. Metformin amatuluka ndi mkodzo. Impso zikafooka amaunjikana m'thupi, asidi wotchedwa lactic acid nkuchuluka m'magazi, ndipo zimenezo n'zoopsa ngakhale sizichitika kawirikawiri. Bambo akayezetse impso ku chipatala cha Thyolo. Akamasanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri, athamangire komweko. Mankhwalawa azimwa pa chakudya, ndipo kachasu amusiye.