Mwana amene ankathamangira mwera

Azakhali,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Nkhotakota. Mwana wanga wachiwiri anapita ku Durban kukagwira ntchito m'sitolo, ndipo kumeneko anakwatira mkazi wa Chimwenye. Ife tonse ndi a mpingo. Pano akuti amapita kukachisi wa Ahindu, Lachiwiri sadya nyama, ndipo pa WhatsApp waika chithunzi cha mulungu wa nkhope ya nyani. Bambo ake anena kuti kwa iwo mwanayo anafa, ndipo aletsa aliyense pakhomo pano kuyankha foni yake. Ine ndikuona kuti mkaziyo anamudyetsa mankhwala. Paja mwana wangayu ndi wachilendo kuyambira kale, ali mwana mwera ukayamba ankathawira kunyanja n'kukaima atatambasula manja, mpaka tinkachita kumukwapula. Nditani kuti asiyane ndi mkaziyu?

Mayi wosweka mtima, Nkhotakota

Mayi anzanga,

Kalata yanu ndaisankha chifukwa cha mawu amene mwangowaponya kumapeto, a mwana woima m'mbali mwa nyanja mwera ukumuomba. Mu June ndi July mwera ukalusa, asodzi amakokera mabwato kumtunda, ndiye mantha anu ndikuwamvetsa. Koma mkazi amene mukuti anamudyetsa mankhwalayo, nthawi imeneyo anali kuti? Anali kwawo ku Durban, Nkhotakota asakuidziwa n'komwe. Mwana wanu anapita ku Joni mtima wake uli kale ndi chimene umakonda. Inu munachiona tsiku lililonse, munachikwapula, koma m'kalata monse simunanene kuti munamufunsapo kuti, "Mwanawe, umamvamo chiyani m'mphepomu?"

Wa nkhope ya nyaniyo dzina lake ndi Hanuman, ndipo Ahindu amati ndi mwana wa Vayu, mulungu wa mphepo. Kwa iwo mphepo ya panja ndi mpweya umene munthu amapuma n'chimodzi, n'chifukwa chake ena amakhala pansi m'mawa n'kumapuma mwadongosolo monga mbali ya mapemphero. Lachiwiri ndi Loweruka ndi masiku amene ambiri amapembedza Hanuman, ndiye za kusadya nyamazo gwero lake ndi limeneli. Amwenye a ku Durban anayamba kufika mu 1860 kudzalima nzimbe m'minda ya azungu ku Natal, ndipo chipembedzo chawo anabwera nacho pa sitima. Ku Chatsworth, dera la Amwenye mumzindawo, kuli chiboliboli cha Hanuman chotalika mamita 13. Taganizani mnyamata amene kwawo ankamenyedwa chifukwa chokonda mphepo, wafika kumene anthu akuluakulu amavula nsapato n'kugwadira mwana wa mphepo. Anamva kuti kuno sakumuseka. Kuti munthu wotere akopeke sipafunika mankhwala.

Pali nthano imene Ahindu amauza ana awo. Hanuman ali wamng'ono anaona dzuwa likutuluka, nayesa chipatso chakupsa, n'kulumpha kuti akalidye. Indra, mfumu ya milungu, anamukantha ndi mphezi, mwanayo n'kugwa pansi. Vayu atamuona mwana wake ali thapsa, anamunyamula n'kukabisala naye, ndipo anachotsa mpweya pa dziko lonse. Anthu ndi nyama anayamba kubanika, mpaka milungu inapita kukapepesa, kumudzutsa mwanayo ndi kumudalitsa. Mwana analakwa ndithu, koma bambo ake anaima naye.

Ndikufuna amuna anu aimve nthano imeneyi, chifukwa iwo sindikuwamvera chisoni ngakhale pang'ono. Kunena kuti mwana wamoyo anafa ndi mawu oipa, ndipo sindikhulupirira kuti akuteteza Mulungu. Akuopa zimene akulu ampingo ndi anzawo a pabwalo anene. Aletsa ngakhale abale ake kuyankha foni, ndiye kuti akulanga nyumba yonse pofuna kusunga nkhope yawo.

Ine ndine Mkhristu, ndipo Hanuman sindimugwadira. Komabe pali chinthu chimene ndimachikhulupirira ndi mtima wonse, ndipo ndidzachinena mpaka mudzatope nane. Chimene mwana amachita ali ndi zaka 6 kapena 7, popanda womutuma, popanda womulipira, ndiye mwini wake weniweni. Wina amakhalira kuyang'ana nyerere, wina amaimba ali yekha kuseri kwa nkhokwe, wina amathamangira mphepo. Ife makolo timatanganidwa ndi ufa ndi fizi, ndiye zimenezi timazitcha kupusa, mwinanso ufiti. Kamvulumvulu akadutsa pabwalo timakokera ana m'nyumba n'kuwauza kuti muli zoipa. Mwana amene mtima wake umanjenjemera ndi chimwemwe mphepo ikamaomba amaphunzira msanga kuti chimwemwecho achibise. Sichitha ayi. Amapita nacho kusukulu, amapita nacho kutauni, amadutsa nacho pa Beitbridge, ndipo woyamba kumufunsa mwaulemu ndi amene amamutenga mtima. Mpingo wanu ukanatha kukhala woyamba. Yesu mwini anauza Nikodemo za mphepo yoomba kumene ifuna, ndipo pa Pentekoste Mzimu anadza ndi mkokomo ngati wa mphepo yamphamvu. Mwana ameneyu anali ndi khomo lolowera m'chikhulupiriro chanu chomwecho, koma pakhomopo panali chikwapu.

Ndiye zothetsa banja lake ine sindikuthandizani, ndipo muzisiye. Mpongozi wanu simunamuonepo, simunamvepo mawu ake, koma mwamuweruza kale kuti ndi wamankhwala. Kumeneko n'kumunamizira, mayi.

Gulani mayunitsi mumuimbire mwana wanu sabata ino, ndipo amuna anu muwauze poyera kuti mwaimba. Akavuta, itanani amalume ake a mwanayo ndi ankhoswe, nkhani ya kulekanitsa mayi ndi mwana ndi yawo. Pafonipo za kachisi musayambe ndinu. Mupepeseni chifukwa cha zikwapu zija, mumufunse zimene ankamva kunyanja kuja, ndipo mumusiye alankhule mpaka amalize. Kenako mupemphe kuti apatse foni mkazi wake, mumupatse moni mpongozi wanu.

Azakhali