Mkanda wa nyenyezi ya nsonga zisanu: kodi tiuotche?

Mayi wina wanditumizira imelo ali ndi nkhawa. Mwana wawo wamkazi amavala mkanda wokhala ndi nyenyezi ya nsonga zisanu, ndipo anzawo a kutchalitchi awauza kuti ndi chizindikiro cha Satana, auotche msanga. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona, komanso ngati diso lojambulidwa pa dola ya ku America nalo ndi la ziwanda.

Amayi, mtima m'malo kaye. Nyenyeziyi ndi yakale kwambiri kuposa usatana umene timaumva masiku ano. Anthu a ku Mesopotamia ankaijambula pa dongo zaka pafupifupi 3000 Yesu asanabadwe, ndipo ophunzira a Pythagoras, katswiri wa masamu wa Chigiriki, ankaitenga ngati chizindikiro cha thanzi. Akhristu akale a ku Ulaya nawonso ankaijambula pokumbukira mabala asanu a Ambuye: awiri a m'manja, awiri a kumapazi ndi la m'nthiti.

Zinthu zinasintha m'ma 1850, pamene Mfalansa wina wa zamatsenga, Éliphas Lévi, analemba kuti nyenyeziyi ikazondoka, nsonga ziwiri n'kuloza kumwamba ngati nyanga za mbuzi, imaimira zoipa. Ndi yemweyo amene anajambula chithunzi chotchuka cha Baphomet, munthu wa mutu wa mbuzi ndi mapiko. Anton LaVey atayambitsa Church of Satan ku San Francisco mu 1966, gulu lake linatenga nyenyezi yozondokayo, ya mutu wa mbuzi mkati, kukhala chizindikiro chawo. Imeneyo ilibenso tanthauzo lina, ndipo Mkhristu asaivale.

Za diso, pali maso awiri amene anthu amawasokoneza. Aigupto ankavala diso la mulungu wawo Horus ngati chithumwa, ankalikulunganso m'nsalu za maliro. Limenelo ndi lachikunja ndithu. Koma diso la mkati mwa ngodya zitatu linkajambulidwa m'matchalitchi posonyeza Mulungu woona zonse, ngodya zitatuzo zikuimira Utatu Woyera. Linalowa pa chidindo cha dziko la America mu 1782, ndipo pa dola linafika mu 1935. A Freemason, gulu lodziwika ndi miyambo yachinsinsi, nawo amaligwiritsa ntchito, koma si iwo analiyamba.

Sindikuchepetsa zamatsenga ayi. Deuteronomo 18 amaletsa kuombeza, nyanga ndi kufunsira kwa akufa, ndipo pa Machitidwe 19 anthu a ku Efeso atatembenuka mtima anaotcha poyera mabuku awo a matsenga, a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000. Koma taonani chimene anaotcha: zinthu zimene iwo eni ankazidalira ndi kugwiritsa ntchito.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya njoka yamkuwa. Mose anaipanga atalamulidwa ndi Mulungu mwini, ndipo olumidwa ndi njoka ankachira poiyang'ana. Patapita zaka zambiri Aisraeli anayamba kuifukizira lubani, Mfumu Hezekiya n'kuiphwanya (2 Mafumu 18:4). Mkuwawo unali womwe uja, chinasintha ndi mitima ya anthu. Choncho mtanda umene munthu amauika pansi pa pilo kuti uzimuteteza ku mfiti wasanduka chithumwa, ngakhale ndi mtanda. Ndipo kuopa kachitsulo ngati kali ndi mphamvu yakeyake n'kukapatsa ulemu umene Paulo anakana pa 1 Akorinto 8, pamene ananena kuti fano si kanthu. Paulo yemweyo, pa mutu 10, akuchenjeza kuti tisayanjane ndi ziwanda. Zonse ziwirizi tizigwire pamodzi.

Ndiye musathamangire machesi, Amayi. Khalani pansi ndi mwanayo, muuone bwino mkandawo ngati nyenyeziyo ili chozondoka, ndipo mumufunse anautenga kuti, anampatsa ndani, nanga amauvala chifukwa chiyani. Akati unangomukongolera, mufotokozereni mbiriyi, mumukumbutsenso kuti ena akamuona angakhumudwe, asankhe yekha. Koma akati umamupatsa mwayi, kapena sangagone atauvula, pamenepo auvule, mupemphere naye, ndipo muwadziwitse abusa anu.