Mfuti yanga inagwira itangowomba kamodzi

Mwafunsa ngati kuchepa kwa pisitolo kumakhudza kudalirika kwake: zimakhudza achimwene, zimakhudza kwambiri, ndipo awa akukuyankhani kuti mfuti za masiku ano sizigwira, kutanthauza kukakamira n'kukana kuwomba, sanakumane nazo. Nditawerenga zoti mukukayika kuyenda ndi pisitolo yaing'ono poopa kuti idzakukanikani pa nthawi yoifuna, mtima wanga unangoti myuu, chifukwa ine zinandichitikira mwana wanga akuona.

Yanga inali pisitolo ya zipolopolo za 9mm, yopyapyala, yoti ukaiika m'chiuno n'kuphimba ndi shati palibe angadziwe. Chilolezo ndinali nacho, mapepala onse ali m'malo mwake. Dzina la kampani sinditchula chifukwa vuto silinachokere kufakitale, mumva kutsogoloku. Usiku umenewo ndinafika pageti mochedwa, mwana wanga wamkazi ali m'tulo kumpando wakumbuyo. Nditangotsika kuti nditsegule, anthu awiri anatulukira kuseri kwa mpanda, mmodzi chikwanje chili m'manja. Wapolisi wa ku Salt Lake City, Dennis Tueller, anasonyeza mu 1983 kuti munthu wonyamula mpeni amatha kuthamanga mamita 6 ndi kanthu pa sekondi imodzi ndi theka, nthawi yomwe iwe ukulimbana n'kusolola mfuti. Ndi zoona zimenezo. Pamene dzanja langa lamanja limafika m'chiuno n'kuti munthu uja atandipeza kale. Ndinatchinga kumutu ndi dzanja lamanzere, chikwanje chinatera pamenepo, ine n'kugwera pachitseko cha galimoto. Mfuti ndinasolola ndi dzanja limodzi, lonyowa ndi thukuta, mkono utapindika, n'kuwomba. Chipolopolo chinakalowa pansi. Nditakokanso trigger, kachitsulo kokoka ndi chala powomba, zii. Kukokanso, zii. Nditayang'ana ndinaona chigoba cha chipolopolo chija chitaima chilili pabowo lotulukira, slide, chitsulo chapamwamba chimene chimabwerera m'mbuyo mfuti ikawomba, itachipana pakati, chikunyezimira ndi magetsi a galimoto. Mpaka lero ndikatseka maso ndimachiona.

Kubwalo lophunzirira kuwombera amatiphunzitsa kuti zikatero umenye magazini (kabokosi ka zipolopolo) pansi, ukoke slide, upitirize. Zimenezo zimafuna manja awiri. Lamanzere langa zala zinkakana kupindika, magazi akuyenderera mpaka m'chigongono. Ndinayesa kukola kachitsulo koyang'anira kakumbuyo palamba kuti ndikankhe mfuti pansi, kanaterereka chifukwa n'kozungulira, anakapanga kuti kasamakole zovala. Ndinayesanso, kanatererekanso. Nthawi yonseyi mwana wadzuka, akumenya galasi ndi zikhatho, akukuwa kuti adadi, adadi, ndipo wachiwiri uja ali pachitseko chakumbuyo akugwedeza chogwirira. Ndinali ndi chitsulo m'manja chodzaza zipolopolo koma chosandithandiza kanthu. Chinatipulumutsa ndi phokoso la kuwomba koyamba kuja. Agalu anayamba kuuwa, aneba anayatsa magetsi n'kuyamba kukuwa, anthu aja n'kuliyatsa liwiro. Akanadziwa kuti mfuti yagwira, bwenzi pano wina akukulemberani za maliro anga.

Tsono chimene chimandiwawa mpaka pano ndi ichi. Masabata ochepa izi zisanachitike ndinali nditaitengera mfutiyo kwa wokonza mfuti wina, munthu woti anthu amamutama. Ndinamufotokozera bwinobwino kuti zigoba sizikuuluka monga kale, zikungogwera pamapazi, china chinandimenya pamphumi. Ndinamuuza kuti ndikukayikira extractor, kambedza kaja kamene kamakoka chigoba kuchokera mumpope. Anandiyang'ana ngati mwana. Akuti bwana, mfutiyi ilibe vuto, vuto ndi kagwiridwe kanu, komabe poti mwadandaula ndikusinthirani extractor ndi masipuling'i onse. Ndinalipira zonse, za zitsulo ndi za ntchito. Apolisi atamaliza kufufuza n'kundibwezera mfuti, ndinapita nayo kwa wokonza wina. Anaimasula ine ndili pompo, n'kundiikira extractor pachikhatho: dzino lake lobenthuka, kasipuling'i kake kofooka, zonse zakale zomwe zija. Wokonza woyamba uja anangoipukuta n'kuithira mafuta ochuluka mpaka m'njira ya firing pin (kamsomali komenya chipolopolo kuti chiphulike), malo oyenera kukhala ouma, mwakuti ulusi wa zovala ndi fumbi zinali zitaundana mmenemo. Nditamubwerera ndi bandeji padzanja, mukudziwa anati chiyani? Akuti makina aliwonse amafa. Opanda ngakhale pepani. Munthu wodya ndalama ya ntchito imene sanagwire pa chinthu chosunga moyo wa mnzake, ameneyo ndi wakupha, kaya chikwanje anagwira ndi wina. Ndipo akupitirizabe kulandira mfuti za anthu, anthu n'kumapita kwawo mtima uli m'malo.

Komabe musamve ngati nkhani yonse ndi ya munthu mmodzi wachinyengo. Pisitolo yaikulu ikanakhala ndi extractor yotopa chomwecho mwina ikanalimbabe, yaing'ono sikhululuka. Slide yake ndi yaifupi ndiponso yopepuka, imayenda kamtunda kochepa mothamanga kwambiri, ndiye kuti aigwire amaiika sipuling'i yolimba. Pa kanthawi kochepako chigoba chiyenera kutuluka, magazini ikweze chipolopolo china, slide ichitole n'kuchilowetsa. Chimodzi chikangochedwa pang'ono, basi yagwira. Komanso kuti slide ibwerere mpaka kumapeto pamafunika dzanja lolimba kumbuyo kwa mfuti. Dzanja likagonja, mfuti yonse imabwerera limodzi ndi slide, mphamvu n'kutayika, chigoba n'kutsala panjira. Tsono taganizani, chogwirira chake n'chachifupi, kachala kakang'ono kamalendewera panja, ndipo pa tsiku la tsoka simudzaima mowongoka ngati kubwalo. Mudzakhala mwagwa, mwavulala, kapena dzanja lina lagwira mwana. Nthawi imene kagwiridwe kanu kali koipitsitsa ndi yomweyo imene mfutiyo ikufuna kugwiridwa bwino koposa.

Sindikukana kuti zinthu zasintha. Kampani ya SIG itatulutsa pisitolo ya P365 mu 2018 anthu anadabwa kuona zipolopolo 10 za 9mm zikukwana m'kamfuti koteroko, pomwe Glock 43 ya mu 2015 imatenga 6 m'magazini. Zambiri mwa mfuti zimenezi zimagwira ntchito bwino zedi zikamasamalidwa. Koma dzina lolembedwa pa slide silikuuzani za mfuti yanuyo, imene ili m'chiuno mwanu, ndi magazini anuwo, ndi zipolopolo zanuzo. Zipolopolo za hollow point zili ndi kukamwa kotambalala ndipo mfuti zina zimazikana polowera, pomwe zozungulira mutu zophunzirira zija zimalowa bwinobwino. Anthu ambiri amaphunzira ndi zotchipa, n'kudzaza zodula zimene sanawombepo n'kamodzi komwe, n'kumayenda. Chinanso, amene mumatsitsa mfuti madzulo aliwonse n'kubwezera chipolopolo chomwecho mumpope m'mawa: mutu wake umakankhidwira m'kati mwa chigoba pang'onopang'ono, chimafupika, ndipo chikawombedwa mphamvu yake imakwera mopitirira. Chiyerekezeni ndi chatsopano, mukaona chafupika chichotseni.

Ena pano anena za revolver, mfuti ija imene zipolopolo zake zimakhala mu cylinder, chitsulo chozungulira cha mabowo. Pa zimene ndinakumana nazo, inde, ikanandithandiza. Siidalira kulimba kwa dzanja, ndipo chipolopolo chikakana umangokokanso trigger, cylinder n'kubweretsa china. Koma yaing'ono ya .38 Special nthawi zambiri imatenga 5 zokha, trigger yake ndi yolemera, kulasa nayo bwino kumafuna kuphunzira kwambiri. Ndipo nayo ikagwira imagwiriratu: onga wosapsa ukalowa pansi pa kanyenyezi kotulutsa zigoba, kapena mutu wa chipolopolo ukasololoka n'kutchinga cylinder, palibe zoti umenye n'kukoka, pamafunika kukhala pansi ndi zida.

Ndiye mundifunsa kuti pano ndimayenda ndi chiyani. Yaing'ono. Inde, pisitolo yaing'ono ndithu, ina, chifukwa yaikulu ndinayesa ndipo inkangotsala kunyumba. Imalemera, imaonekera pashati, pagalimoto imabaya m'nthiti, mapeto ake umanena kuti lero ndingofika pafupi pompa, n'kuisiya. Choncho ngati mtima wanu uli pa yaing'ono gulani, musaope, bola isalowe m'chiuno musanawombe nayo zipolopolo mazana angapo, kuphatikizapo mtundu weniweni umene muzidzanyamula, ndi magazini iliyonse payokha. Lembani manambala pamagazini kuti ikavuta mudziwe kuti ndi iti, ndipo yovutayo musaisunge kuti mwina idzachira. Kawombereni ndi dzanja limodzi, lamanja kenako lamanzere, mphunzitsi ali pambali, chifukwa mfuti imene imayenda bwino ndi manja awiri okha sinakuuzeni zonse. Pemphaninso akuphunzitseni kuichotsa ikagwira ndi dzanja limodzi, pogwiritsa ntchito zipolopolo zabodza zopanda onga, ndipo onani ngati kachitsulo koyang'anira kakumbuyo kali ndi mphepete yoti n'kukola palamba. Sipuling'i yobweza slide pa mfuti zing'onozing'ono imatopa msanga kuposa pa zazikulu, muzitsata zimene buku lake likunena. Thukuta limadya chitsulo, ulusi wa zovala umalowa paliponse, choncho muziyeretsa ngakhale simunawombe, mafuta pang'ono chabe, ndipo iziyenda mu holster, kachikwama ka mfuti, yolimba yophimba trigger, osati yokha m'thumba pamodzi ndi makiyi. Kunyumba, ikachoka pathupi, ilowe m'bokosi lokhoma. Ana amaona zonse.

Koma kunena zoona achimwene, ngati achifwamba akufuna galimoto kapena foni ndipo njira yochokera ilipo, apatseni, chokanipo. Ine ndikanakhala ndekha usiku uja bwenzi nditaponya makiyi n'kuthawa. Ndinasolola chifukwa kumbuyo kunali mwana. Ngakhale mfuti itawomba bwino zonse, pambuyo pake pamakhala apolisi, mafunso, mwinanso khoti, ndi usiku wambiri wosagona. Mwana wanga anatha miyezi akukana kukwera galimoto kukada, ndipo zala ziwiri za dzanja langa lamanzere sizinabwerere mwakale. Tsopano tikamayandikira kunyumba ndimaimbiratu foni kuti geti litsegulidwe, ndipo ndikaona munthu woima pamalo osayenera ndimapitirira n'kuzungulira.

Za okonza mfuti, chonde mverani ine. Akanena kuti wasintha chitsulo, akupatseni chakalecho m'manja, muone ndi maso anu, ndipo pa risiti alembe dzina la chitsulo chilichonse. Akayamba kukwiya kapena kuzemba, tengani mfuti yanu muzipita. Ndipo ikachoka kwa wokonza aliyense, kaya ndi wotchuka bwanji, ipite kaye kubwalo mukaiwombe ndi magazini onse musanaibwezere m'chiuno.